Mpikisano wa galimoto amapambana ndi wodziwa buleki

Ndikafunsa m'kalasi kuti chimapambanitsa dalaivala wa Formula 1 n'chiyani, ambiri mumati ndi kulimba mtima ndi kuponda moto basi. Ine ndikukana. Pamsewu wowongoka aliyense akhoza kuponda moto. Katswiri amaonekera pakona.

Taganizani. Galimoto imagwira phula ndi matayala anayi okha, ndipo friction imene matayalawo angapereke ili ndi malire. Friction yomweyo ndi imene imafunika pochepetsa liwiro, pokhota ndi powonjezera liwiro. Zili ngati ndalama ya m'thumba: mukaithera mandasi, ya kope palibe. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu uku akupinda chiwongolero, matayala amatsetsereka, galimoto n'kupitirira kona.

Kumbukirani F = mv²/r. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuti galimoto ikhote imawirikiza kanayi. Koma r ikakula, mphamvu yofunikayo imachepa. N'chifukwa chake akatswiri amayandikira kona ali m'mphepete mwa kunja, amakhudza m'kati akafika pakati pa kona, n'kutulukiranso kunja. Akukulitsa r pamenepo. Buleki yamphamvu amaiponda galimoto ikadali yolunjika, kenako amaimasula pang'onopang'ono akayamba kukhota.

Ku Monza, m'dziko la Italy, galimoto zimenezi zimapitirira makilomita 330 pa ola. Pakona yothina kwambiri ya ku Monaco zimadutsa pa makilomita pafupifupi 50 pa ola. Si mantha amenewo ayi, ndi masamu.

Wina anena kuti, "Nanga aja amapitirira anzawo pochedwa kuponda buleki?" Zimachitikadi. Koma akachedwa mopitirira muyezo amatuluka pakona alibe liwiro, ndipo amataya nthawi msewu wonse wotsatira. Wotuluka bwino amangomudutsa.

Alain Prost wa ku France anakhala katswiri wa dziko lonse kanayi, mu 1985, 1986, 1989 ndi 1993. Ankamutcha Professor chifukwa ankayendetsa mofatsa ndi mowerengera. Naye Jackie Stewart wa ku Scotland, amene anapambana mu 1969, 1971 ndi 1973, ankadziwika ndi kuyendetsa kosalala, komanso anamenyera nkhondo chitetezo cha madalaivala. Kwa anthu awiriwa, kuthamanga ndi kusamala sizinkalimbana.

Ndiye mukadzaonera mpikisano, musatengeke ndi uja matayala ake akufuka utsi pakona. Ameneyo ndalama yamuthera. Yang'anani amene akuoneka ngati sakufulumira, kenako muone nthawi yake.