Opalasa Njinga ku Tramuntana Asaiwale Eni Phiri

Kwathu kuno njinga ndi bulu wa munthu wosauka. Imasenza matumba a chimanga kumka ku chigayo, imanyamula wodwala kumka ku chipatala, ndipo mwini wake akaona chitunda amatsika nayamba kukankha. Chifukwa cha ichi, ambiri a inu owerenga mudzazizwa pomva kuti kuli anthu amene amalipira ndege, nauluka pamodzi ndi njinga zawo, kukafuna dala chitunda chimene ife timachithawa. Ena mwa malo amene anthu otere amakhamukirako ndiwo mapiri a Serra de Tramuntana, pa chisumbu cha Mallorca, m'dziko la Spain, m'nyanja ya Mediterranean.

Mapiriwa andanda makilomita pafupifupi 90 m'mphepete mwa nyanja, kumpoto chakumadzulo kwa chisumbucho. Nsonga yake yaitali, Puig Major, ingopitirira pang'ono mamita 1,400, kotero kuti siifika ndi theka lomwe la Sapitwa wathu wa ku Mulanje. Komatu mapiri amenewa amachita kutumphuka m'madzi enieni a nyanja, ndipo wopalasa amayamba kukwera ali pafupi ndi mafunde. Msewu waukulu, wotchedwa Ma-10, umachokera ku Andratx kukafika ku Pollença, ulendo wa makilomita oposa 100, kudzera m'midzi ya Banyalbufar, Deià ndi Sóller.

Msewu umene wamveka koposa ndi wa Sa Calobra, umene katswiri wina wa misewu, Antonio Parietti, adaukonza numalizidwa m'chaka cha 1932. Msewuwu umathera panyanja, ndiye kuti amene watsika nawo alibe msewu wina wotulukira, koma kukwera momwe adatsikiramo. Pa makilomita asanu ndi anayi ndi theka, munthu amachoka pagombe kukafika pampata wa Coll dels Reis, mamita 682, atakhota makona 26. Pamalo ena, otchedwa Nus de sa Corbata, ndiko kunena mfundo ya tayi, msewu umazungulira nudutsa pansi pa iwo wokha. Amene adakwerapo msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia angathe kuona m'maganizo zimene ndikunenazi. Palinso mpata wa Coll de Sóller, wa makona oposa 50, umene magalimoto ambiri adausiya pamene msewu woboola phiri udatsegulidwa mu 1997, ndi msewu wina wa Parietti wopita ku Cap de Formentor, kumene kuli nsanja younikira zombo ya 1863.

Pamene kumpoto kwa Ulaya kuli chisanu chadzaoneni, akatswiri a mipikisano amadzakonzekera m'misewu imeneyi. Bradley Wiggins, amene adapambana Tour de France mu 2012, anali mmodzi wa iwo. Kuyambira 2010 pamachitikanso mpikisano wa Mallorca 312, umene anthu wamba zikwizikwi amapalasa makilomita 312 tsiku limodzi. Phindu lake palibe angalikane. Opalasa amafika makamaka kuyambira February mpaka May, alendo okonda kusamba panyanja asanabwere, kotero kuti mahotela ndi timalo todyera ta m'midzi timapeza ndalama pa nyengo imene kale inali ya chilala cha malonda. Ndiponso njinga siitulutsa utsi, siisokosa.

Tsono mfundo yanga ndi iyi: chimene alendowa amachiyamikira, akaima pakona kuti apume, sichidangomera chokha. Pamene bungwe la UNESCO lidalemba Serra de Tramuntana m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2011, lidatero polemekeza ntchito ya manja a anthu. Alimi a mibadwo yambiri adasema phiri kukhala minda yonga makwerero, naichirikiza ndi mipanda ya miyala yongosanja, yopanda dothi kapena simenti. M'menemo adabzalamo azitona, mphesa ndi malalanje. Ngalande zina zothirira zidayamba pa nthawi imene Asilamu adalamula chisumbucho, kuyambira 902 mpaka 1229. Amisiri osanja miyalawo amatchedwa margers, ndipo luso la mtundu umenewu UNESCO idalivomerezanso mu 2018.

Mpanda wotere uli ndi nzeru yake. Popeza ulibe simenti, madzi a mvula amadutsa m'mipata ya miyala, koma dothi limatsala. Komabe umafuna munthu wousamala. Mwala umodzi ukasuntha osabwezeredwa, mvula ya chaka chotsatira imagumula chigawo chonse, dothi nkutsetserekera kumunsi, nthawi zina mpaka mumsewu momwe. Ulimi wa pamakwerero, pamene thirakitala singalowe, ndi wolemetsa ndi wa phindu lochepa, motero ana a alimi ambiri adausiya napita kukagwira ntchito m'mahotela. Munda wosiyidwa umamera tchire, ndipo tchire limaitana moto. Mu July 2013 moto udapsereza mahekitala oposa 2,000 cha ku Andratx, kumene msewu wa Ma-10 umayambira. Kodi mlendo amene amangowerenga mphindi zimene watenga pokwera Sa Calobra amadziwa kuti akupalasa pa thukuta la anthu amene akutha?

Eni dziko nawo ayamba kudandaula. Mitengo ya nyumba yakwera mwakuti achinyamata obadwira m'midzi ngati Deià akulephera kukhala kwawo. Misewu ndi yopapatiza, ndipo mlimi wofulumira kapena mayi wopita ndi mwana ku chipatala amatsekerezedwa ndi gulu la njinga, mabasi a alendo ndi magalimoto obwereka. Mu 2024 anthu zikwizikwi adaguba mumzinda wa Palma kudandaula za kuchulukitsa kwa alendo.

Wina adzati: walira mvula walira matope, amene akufuna ndalama za alendo apirire chipwirikiti chawo. Winanso adzati wolakwa weniweni ndi galimoto, osati njinga. Wachiwiriyu ndigwirizana naye kwambiri, ndipo akuluakulu a chisumbucho adachita bwino pamene, kuyambira 2018, adayamba kuchepetsa magalimoto a anthu pa msewu wa ku Formentor m'miyezi yotentha, nasiya mabasi ndi njinga. Lamulo la Spain loti woyendetsa galimoto asiye mita imodzi ndi theka podutsa wanjinga nalonso n'loyenera. Koma woyambayo ndikanitsitsa mawu ake, pakuti amene amadya ndalama za alendo kawirikawiri si yemwe amaponda matopewo. Mwini hotela wa kunyanja amalandira, pamene wosanja miyala wa kuphiri amangoona njinga zikudutsa.

Njira yowongolera ilipo kale. Kuyambira 2016 alendo ogona pa zisumbu za Balearic amalipira msonkho wapadera usiku uliwonse. Ine ndikuti gawo looneka la msonkho umenewu lizipita chaka ndi chaka kwa alimi okonza mipanda, ndi kuphunzitsa achinyamata luso la margers kuti likhale ntchito yodyetsa banja. Okonza mipikisano yotseka misewu tsiku lathunthu azikhala pansi ndi anthu a m'midzi asanalengeze tsiku. Wopalasa naye ali ndi mbali yake: ayende mondondozana ndi anzake pamakona, asataye mapepala a zakudya m'minda ya eni, ndipo agule mafuta a azitona ndi malalanje a ku Sóller kwa amene adalima. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Aphunzitsi anzanga, pamene tiphunzitsa ana za maiko a Mediterranean, tisalekere pa mvula ya m'nyengo yozizira ndi mitengo ya azitona. Tiwafunse kuti ndani amagwira dothi kuti lisachoke paphiri, ndipo amalandira zingati. Inunso amene mwangotsiriza sukulu, ena mwa inu mudzagwira ntchito zokopa alendo. Funso lomwelo lidzakupezani. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. May akatha njinga zimabwerera kwawo m'ndege, koma mpanda wa ku Banyalbufar umatsala ukudikira mvula ya October, ndi munthu woti adzabwezere mwala umene wasuntha.