Sukulu zitsatire anthu kumabairo

Mzinda wa Tete wakula. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa 150,000, ndipo wa 2017 anapeza oposa 300,000. Malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, anakoka anthu ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi zigawo zina za dziko lino. Ambiri mwa iwo anamanga nyumba m'mabairo a kunja kwa mzinda monga Matundo ndi Chingodzi. Nyumba zinachuluka, ana anachuluka, koma zipinda zophunziriramo zinatsalira m'mbuyo.

Zotsatira zake makolo akuziona ndi maso. M'sukulu zina za boma ana amalowa mosinthana katatu pa tsiku, ndipo mwana amakhala m'kalasi maola osakwana 4. Mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 60, ena atakhala pansi, ena pamthunzi wa mtengo, m'dzuwa la ku Tete limene aliyense akulidziwa.

Apa ndi pamene sukulu zolipira zapezera malo. Pa 24 Julayi 1975 boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse, ndi za mishoni zomwe. Mu 1990 lamulo linalolanso anthu ndi mipingo kutsegula sukulu zawozawo. Lero amene amalandira bwino kumigodi kapena m'maofesi amatumiza mwana kusukulu yolipira, kumene ana ndi ochepa m'kalasi ndipo aliyense ali ndi desiki. Kholo lotere silinalakwe. Aliyense amafunira mwana wake zabwino.

Koma mayi wogulitsa tomato pamsika, kapena bambo woumba njerwa, sangakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi, kuwonjezapo yunifolomu ndi ndalama ya shapa. Mwana wawo ali ndi khomo limodzi lokha, la sukulu ya boma. Mu 2004 boma linachotsa malipiro a kupulayimale, ndipo lamulo la 2018 likunena kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Lamulo ndi labwino. Koma lamulo lopanda chipinda ndi mphunzitsi silingaphunzitse mwana kuwerenga.

Palinso mavuto awiri amene sayenera kubisika. Aphunzitsi ena a boma, poona kuchepa kwa malipiro, amaphunzitsanso kusukulu zolipira, ndipo amafika kwa ana a anthu osauka atatopa kale. Chachiwiri, si nyumba iliyonse yopaka utoto ndi kukhoma chikwangwani imene ili sukulu yeniyeni. Mwana wophunzira pamalo opanda chilolezo angathe kutaya zaka, chifukwa kalata yake sidzalandiridwa kwina.

Tsono ntchito ilipo pa mbali zitatu. Khonsolo ya mzinda isamagawe malo a nyumba m'bairo yatsopano isanapatule malo a sukulu, chifukwa malo akatha sabwereranso. Akuluakulu a zamaphunziro m'chigawo chino aziyendera sukulu zolipira kawirikawiri, aziona ziphaso za aphunzitsi, zimbudzi ndi madzi, ndipo mayina a sukulu zovomerezeka azilengezedwa pa wailesi nthawi yolembetsa ana isanafike. Aziyang'ananso ngati mphunzitsi wa boma akukwaniritsa maola ake. Makolo nawonso apemphe kuona chilolezo asanapereke ndalama, ndipo akane kugula malo a mwana m'sukulu ya boma, pakuti malowo ndi aulere.

Sukulu zolipira zingathandize kupepuza katundu, koma sizingalowe m'malo mwa boma. Malasha amene akutuluka ku Moatize akulowetsa ndalama m'thumba la dziko. Gawo la ndalama zimenezo lioneke m'zipinda zatsopano, m'madesiki ndi mwa aphunzitsi okwanira ku Matundo ndi ku Chingodzi, kumene ana a anthu ogwira ntchito akukulira.