ZA LUSO LA MANJA: Kuboola thabwa, chitsulo ndi khoma

Ku Dzoole ndi m'midzi yozungulira Mponela nyumba za njerwa ndi malata zachuluka, ndipo makina oboolera, amene amisiri amawatcha drill, ayamba kupezeka m'mabanja wamba. Chida ichi si chachilendo padziko. Arthur James Arnot ndiye analembetsa choboolera chamagetsi ku Melbourne m'chaka cha 1889, ndipo kampani ya Black & Decker inatulutsa choyendera batire mu 1961. Choyendera batirechi ndicho chikuthandiza lero kumene nthambo za ESCOM sizinafike, popeza batire lake limadzazidwa ndi sola. Koma safunsa anadya phula, choncho mwezi uno tiyankha mafunso anayi amene amafunsidwa kaŵirikaŵiri.

Kodi biti imodzi iboola zonse? Iyayi. Biti ya thabwa ili ndi kansonga kakuthwa pakati. Ya chitsulo, imene imalembedwa HSS, iboolanso thabwa bwinobwino. Ya khoma ili ndi mutu wophwatalala wa chitsulo cholimba kwambiri. Tikaloŵetsa biti ya thabwa m'njerwa, ibuntha nthaŵi yomweyo, ndalama n'kupita pachabe.

Nchifukwa ninji thabwa limang'ambika kuseri? Chifukwa biti potuluka imakankha ulusi wa mtengo wopanda chouchirikiza. Tiziika chidutswa cha thabwa lotha ntchito kunsi, ndi kupanikiza zonse pamodzi. Mitengo yolimba monga mlombwa ndi bulugamu ifuna kaboo kakang'ono tisanamange sukulufu, makamaka pafupi ndi m'mphepete.

Nanga chitsulo? Apa kuthamanga si kufika. Tiyambe takhoma kadontho ndi msomali kuti biti isaterereke, tiboole ndi biti ya mamilimita 3, ndipo pambuyo pake tikuze boolo. Makina aziyenda pang'onopang'ono, ndipo tizidontheza mafuta a injini. Nsonga ikasanduka yabuluu, ndiye kuti yatentha kwambiri. Malata a denga tiziboola pamwamba pa msana, osati m'ngalande moyenda madzi, kuopa kudontha kwa m'dzinja.

Kodi khoma lililonse ligwira sukulufu? Njerwa zootcha ndi konkire zifuna biti ya khoma ndi kutsegula kabatani ka hamala. Boo lifanane ndi kapulagi koloŵetsamo: biti ya mamilimita 6, pulagi ya mamilimita 6. Tiboole pa njerwa yeniyeni, pakuti m'mizere ya dothi sukulufu imazuka. Zidina zosaotcha zimangofumbutuka. M'khoma lotero nkwabwino kukwirira chipika cha mtengo ndi kumanga sukulufu m'menemo. Pa matayilosi hamala titseke, timate tepi poyambira, ndi kuboola mofatsa.

Tsono chachikulu koposa ndi moyo. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo angathe kupha munthu. Nthambo zobisika m'khoma kaŵirikaŵiri zimayenda molunjika pamwamba kapena pansi pa swichi ndi soketi, choncho m'mizere imeneyo tisaboolemo. Posintha biti tiyambe tazula pulagi kapena batire. Maso titeteze ndi magalasi, manja a malaya tipinde, chitenje ndi mpango timangitse, pakuti makina akakola nsalu sadikira. Chidutswa cha lata tisachigwire ndi dzanja poboola, chifukwa biti ikakakamira chimazungulira nayo ngati mpeni.

Kwa inu makolo, ana athu aamuna ndi aakazi omwe aphunzire luso limeneli muli pomwepo, osati mobisala inu mutapita kumunda. Ntchito ikatha, batire lichotsedwe ndipo chida chisungidwe pamene ana aang'ono safikira. Ndipo amene wabwereka kwa mnansi abweze chili chopukutidwa, mabiti ake ali okwanira, kuti maŵa adzabwerekedwenso.