Referendamu Ikhale Ndi Tsiku Lakelake

Malamulo aakulu a dziko ali ngati mzati wa nyumba. Mzati sitiugwedeza caka ndi caka, ndipo pofuna kuusintha timayamba tafunsa onse ogona m'nyumbamo. Kufunsa mtundu wonse kotereku ndiko kuchedwa referendamu. Nanga kuyenera kucitika liti, ndiponso kangati?

Dziko lathu la Zambia lacita referendamu kawiri cilandirire ufulu. Pa 17 Juni 1969 boma la a Kenneth Kaunda linapempha anthu kuti alole Nyumba ya Malamulo kumasintha malamulo aakulu popanda kufunsanso mtundu. Ambiri anabvomera. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: mu 1972 ulamuliro wa cipani cimodzi unakhazikitsidwa, ndipo mlimi wa ku Katete sanaponyepo voti.

Kaciwiri kanali pa 11 Ogasiti 2016, pa nkhani ya maufulu a munthu aliyense. Referendamuyo anaiphatikiza ndi masankho. Nkhalamba ya ku Sinda inalandira mapepala asanu tsiku limodzi: la pulezidenti, la phungu, la wapampando wa khonsolo, la khansala, ndi la referendamu, pamene diso linaimira "inde" ndipo khutu linaimira "iyayi". Zipani nazo zinasandutsa funsolo mkangano wao, cina cikuti bvomerani, cina cikuti kanani. Mwa mavoti 100 alionse owerengedwa, 71 anali obvomera, koma oponya sanafike pa theka la anthu onse oyenera kuponya, monga lamulo lifunira. Nchito yonse inagwa m'madzi. Akulu sananame kuti mapanga awiri abvumbwitsa.

Abale athu a ku Vubwi, amene ali m'malire ndi Malawi, akumbukira zimene zinacitika kutsidyako. Maepiskopi atalemba kalata yao ya pa Lenti mu 1992, Amalawi anafunsidwa pa 14 Juni 1993 funso limodzi lomveka: cipani cimodzi kapena zipani zambiri? Tsikulo panalibe munthu wopikisana pa mpando, ndipo yankho linamveka bwino.

Tsono ife titi, referendamu isamabwere kawirikawiri, cifukwa imadya ndalama zimene zikanagula mankhwala ndi mabuku a ana. Komanso isalephere kubwera pamene nkhani ikhudza maufulu athu kapena kalamuliridwe ka dziko. Ikhale ndi tsiku lakelake, kutali ndi masankho, m'nyengo ya mwamvu anthu atakolola, misewu ndi mitsinje zikuolokeka. Funso likhale limodzi, lolembedwa m'Cinyanja comveka, ndipo likambidwe miyezi ingapo pa mabwalo a mafumu, m'miphakati ndi pa wailesi.

Makolo, pa mphala ndi pa mtondo kambiranani zimenezi ndi ana anu. Tsiku lofunsidwa likadzafika, mudzayankhe funso limene mwalimvetsa.