Magalasi kunyanja: kukongola pa foni, ng'anjo pampando

Mwezi wa October chaka chatha ndinakadya nkhomaliro pamalo ena odyera m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Dzina sinditchula. Ndinawaona pa Facebook: khoma lonse lakutsogolo ndi galasi kuchokera pansi mpaka kudenga, nyanja ikuoneka yonse. Ndinafika cha m'ma 11 koloko, magetsi atathima. Chambo chisanafike n'komwe, malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Mapeto ake tinanyamula mbale n'kukadyera panja pansi pa mtengo wa mango. Khoma lodula lija linatsala likuyang'ana mipando yopanda anthu.

Sindikudana ndi galasi ayi. Munthu amapita kunyanja kuti akaone nyanjayo. Chomwe chikundidandaulitsa n'choti tikukopera mapulani pa Instagram osafunsa kuti dzuwa la kwathu limadzera kuti.

Galasi wamba limalowetsa dzuwa mosavuta. Kuwalako kukagunda matailosi ndi matebulo kumasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumakanika kutuluka. Aliyense amene analowapo m'galimoto yomwe yakhala padzuwa mawindo ali otseka akudziwa zomwe ndikunena.

Ndiye ku Nkhotakota kuno pali vuto lapadera. Nyanja ili kum'mawa kwathu, choncho khoma loonera nyanja limayang'anizana ndi dzuwa lotuluka. Dzuwa la masana silivuta kwenikweni, limakhala pamutu ndipo denga limatchinga. Koma la m'mawa limabwera cham'munsi, kudutsa pansi pa kadenga kakafupi n'kulowa mpaka patebulo lomaliza. Lina limanyezimira pamadzi n'kulowanso kachiwiri. Pofika nthawi ya nkhomaliro chipinda chimakhala chitamwa kutentha kwa maola angapo.

Eni malo ena amati basi tiika aircon. Chabwino, nanga magetsi akathima? Jenereta imafuna dizilo, ndipo mizere ya pa filling station tonse tikuidziwa. Ndalama imeneyo imakatuluka pa mtengo wa chambo chomwe inu ndi ine tikugula. Komanso nyengo ya dzinja, mpweya ukakhala wachinyontho, galasi lozizira limachita thukuta kunja kwake ngati botolo la Fanta lochokera mu fuliji. Nyanja ija mwalipirira osaionanso. Usiku nyali zikayaka, tizilombo ta kunyanja timadzaza pagalasipo, wina n'kumapukuta m'mawa uliwonse.

Chodabwitsa n'choti mayankho ambiri tinali nawo kale. Pitani pa sukulu kapena chipatala chakale cha mishoni: khonde lalikulu, denga lalitali, mawindo a louvre mbali zonse ziwiri. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, ndiye kamphepo kamachoka kunyanja kubwera kumtunda. Ndi aircon yaulere imeneyo. Imangofuna polowera kutsogolo ndi potulukira kumbuyo. Khoma lagalasi losatseguka limaitsekera panja.

Ndiye galasi lilowe mkati, khonde likhale kutsogolo kwake. Pa dzuwa la m'mawa lija pakhale zotchinga za nsungwi kapena mphasa zotsitsa ndi kukweza, kapena mitengo yomwe ilipo kale isadulidwe. Galasilo likhale lotseguka, lokhala ndi neti yotchinga udzudzu, poti madzulo kunyanja udzudzu suchita nthabwala. Koma lizithanso kutsekeka bwino, chifukwa kuyambira May mpaka August mwera umawomba ndithu, n'kumathira mchenga mu ndiwo. Apa m'pomwe galasi limagwira ntchito yake yeniyeni.

Alipo magalasi otchedwa low-e, okhala ndi kachikuto kosaoneka komwe kamabweza kutentha kwina. Ndi abwino, koma amachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogulidwa ndi dola chikuluma. Limodzi likasweka mudikira mpaka liti? Kuli bwino kugula ochepa abwino n'kuwaika pamthunzi kusiyana ndi kukuta nyumba yonse ndi otchipa akuda aja, omwe amatentha okha n'kumawotcha wokhala pafupi. Mwayi wathu umodzi ndi woti madzi a nyanja yathu alibe mchere, zitsulo za mafelemu sizidyeka msanga ngati ku Beira kapena ku Zanzibar.

Tisaiwalenso 2024. Nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona ndi odyera ambiri ku Mangochi, ku Salima ndi konkuno. Galasi lofika pansi penipeni, pafupi ndi mafunde, ndi ndalama yoika pangozi. Maziko akwere, galasi liyambire m'mwamba.

Khonsolo ya boma la Nkhotakota ikamavomereza mapulani izifunsako mafunso awa: dzuwa la 8 koloko lilowera pati, mphepo itulukira pati, magetsi akathima anthu akhala bwanji? Anyamata ndi atsikana omwe akuphunzira zojambula nyumba ku MUBAS amatha kuwerengera zimenezi nyumba isanamangidwe. Eni malo awalembe ntchito, asamangoonetsa mmisiri chithunzi cha ku Dubai n'kumuuza kuti ndikufuna chonchi.

Nafenso a mafoni tili ndi mbali yathu, poti ndife timatchukitsa malowa. Ine chithunzi cha tsiku lija ndinachiika pa status, anthu n'kumafunsa kuti malo okongolawa ndi kuti. Sindinawauze kuti nsima ndinadyera pansi pa mango.