Kukwera mtengo sikupoletsa bala

Kuyambira mu 2022 zikudziwika kuti chigamba cha khungu la nkhumba sichiposa cha pulasitiki pa bala la pamimba lomwe lakhudzidwa ndi tizilombo. Koma makampani ochipanga akuchitamabe ngati sanamve. Zimenezi zikundikwiyitsa, chifukwa amene amalipira ndi wodwala, ndipo amalipira ndi thupi lake.

Munthu akang'ambidwa pamimba, kaya matumbo anabooka ndi taifodi, kaya ndi mayi wobereka pa opaleshoni, bala likalowa mafinya minofu imatha kulekana, matumbo n'kumatukumukira pansi pa khungu. Pamenepo dokotala amafuna chigamba cholimbitsira. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pomwe dokotala Francis Usher anayamba kusokerera kaneti ka pulasitiki, madokotala akhala akuopa chinthu chimodzi: kuti pa bala lauve pulasitiki isunga tizilombo, mpaka wodwala ang'ambidwenso kuti aichotse.

Pa mantha amenewa ndi pomwe amalonda anaikira msika wawo. Amatenga khungu la nkhumba, khungu la munthu womwalira kapena kathumba kokuta mtima wa ng'ombe, n'kutsuka maselo onse, kutsala ulusi wokhawokha. Amati mitsempha ya magazi imamera m'menemo, chigamba n'kusanduka mnofu wako. Amanena bwino ndithu. Nanga umboni uli kuti?

Ku America, madokotala anatenga odwala 253 ofunika kusokedwa minofu ya pamimba pa bala lomwe silinali laukhondo, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA Surgery. Patatha zaka ziwiri, mwa amene anaikidwa chigamba cha nkhumba, 20.5 pa 100 aliwonse vuto linabwereranso. Mwa a pulasitiki, 5.6 okha. Pa matenda a pabala, omwe ndiwo ankaopsezera anthu, panalibe kusiyana kwenikweni. Mtengo wake? Madola 21,539 kwa cha nkhumba, madola 105 kwa cha pulasitiki. Munthu alipire kuposa maulendo 200 kuti mimba yake itsegukenso!

Oikira kumbuyo chigamba cha nkhumba akathinidwa amathawira ku mawu amodzi: n'chachilengedwe. Chachilengedwe bwanji, chinthu chodutsa m'mankhwala a m'fakitale mpaka kutsala chopanda moyo? Thupi limachidya pang'onopang'ono, tizilombo tikachuluka chimasungunuka msanga, chibowo n'kubwerera pomwe chinali. Ena amati dokotala wozindikira sangaike pulasitiki pa mafinya. Ndani wanena kuti aike? Bala lodzaza mafinya limayamba latsukidwa, mnofu wofa n'kudulidwa, kusoka kokhazikika n'kudikira. Izi sizifuna madola 21,539. Enanso amangoti chinthu chokwera mtengo chonchi sichingakhale chachabe. Amenewa ndiwo andimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ayesa kuti mtengo ndi umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Osauka akhala akupulumutsa miyoyo popanda zonsezi. Mu 1984 ku Bogotá, dokotala Oswaldo Borraez anaphimba mimba yosatheka kutseka ndi thumba la pulasitiki la madzi a kuchipatala, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito. Ku Uganda, kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti pa hernia ya pachinena, pomwe matumbo amatumukira pansi pa khungu, bala lili laukhondo, neti ya udzudzu yopanda mankhwala, yophedwa tizilombo, yosakwana dola imodzi, inagwira mofanana ndi chigamba cha m'fakitale cha madola 125.

Kwathu kuno bala la opaleshoni limaola chifukwa wodwala wafika mochedwa, mankhwala opha tizilombo atha, zotsukira bala palibe. Khungu la nkhumba silithetsa ngakhale chimodzi mwa izi. Inu ogula katundu wa zipatala, wamalonda akabwera ndi chigamba chimenechi, kaya wothandiza akafuna kutipatsa ngati mphatso, mufunseni za odwala 253 aja. Akalephera kuyankha, ndalamazo mugulire ulusi wosokera, mabandeji ndi mankhwala.