Tayala lowala kwambiri ndimaliopa

Loweruka lapitali ndinali pa siteji ya akabaza, ulendo wa kumsika. Mnyamata wina wa msinkhu wanu womwewu anali pa ganyu yotsuka njinga yamoto. Anathira petulo pa kansanza n'kupukuta limu lakumbuyo mpaka linayera mbee. Atamaliza anatenga kansanza kena ka oyilo n'kupaka tayala lonse kuti lioneke latsopano. Njingayo inakongola, sindikana. Koma ine ndinakwera ina.

Ambiri mwa inu muli ndi achimwene kapena amalume oyendetsa Boxer kapena Lifan, ndipo pa holide otsuka mumakhala inuyo. Ndiye tiyeni tikambirane, chifukwa litsiro la pa wilo silichoka ndi mphamvu za mikono zokha. Choyamba n'kudziwa kuti litsirolo ndi chiyani.

Lina ndi fumbi ndi matope, ndipo ili silivuta, madzi ambiri amalikokolola. Ingokumbukani kuthira madzi musanayambe kukhula. Mchenga ndi wolimba kuposa penti, ndiye mukaukhula uli wouma mumakanda limu ngati mukugwiritsa ntchito sandipepa.

Lovuta ndi lakuda lomata lija, limene limachuluka pa wilo lakumbuyo, mbali imene kuli tcheni. Ameneyo ndi oyilo wa tcheni. Tcheni ikamazungulira pa sipuloketi, timadontho ta oyilo timafuna kupitabe molunjika, monga limanenera lamulo loyamba la Newton lija. Tikalephera kugwirira tcheniyo timathothoka n'kukagwera pa limu ndi masipoko, fumbi n'kudzamatirira pamwamba pake. Madzi okha sangachite kanthu apa. Mamolekyulu a madzi amakokana okhaokha mwamphamvu ndipo oyilo amamusiya kunja. Sopo ndiye mkhalapakati: molekyulu yake ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Michira imalowa mu oyilo, mitu imatsala m'madzi, oyiloyo n'kuduka timadontho ting'onoting'ono totha kutsukuluzika. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale zimagwira ntchito, bola mupatse thovulo mphindi zingapo. Girisi wokhalitsa amene wakanika, mufewetseni ndi palafini pang'ono wa pa kansanza, kenaka sopo.

Nanga petulo walakwa chiyani, poti amachotsa msanga ndipo ali m'thanki momwemo? Amachotsadi. Vuto ndi nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yoti n'kuyaka ngakhale kutazizira kufika pa −40 °C, pamene palafini amafuna atenthe kaye kufika cha pa 38 °C kapena kuposa. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imakwawa pansi. Pa siteji pamakhala wosuta fodya, pamakhalanso mbaula ya amayi ootcha chimanga. Komanso petulo amaononga labala. Soda woopsa uja wopangira sopo, caustic soda, nayenso musamuyandikize: amadya aluminiyamu, ndipo malimu ambiri opanda masipoko ndi a aluminiyamu.

Koma chimene chinandichititsa kukwera njinga ina si petuloyo ayi. Ndi oyilo wa pa tayala.

Njinga yamoto imagunda msewu pa timalo tiwiri tokha, kalikonse kosaposa chikhatho cha dzanja lanu. Kunyamuka, kukhota, kuima, zonse zimadalira friction ya pa timalo timeneti, ndiye kuti kugwirana kwa labala ndi phula. Tengani cholembera. Njinga ikuthamanga 50 km/h, amene ndi pafupifupi 14 m/s. Mtunda woimira ndi v² ÷ (2μg). Pa phula louma μ amakhala cha pa 0.7, ndipo g titenge 10. Ndiye 196 ÷ 14, yankho ndi mamita 14. Tsopano tiyerekeze kuti oyilo watsitsa μ ndi theka, wafika pa 0.35. Mtunda uja wasanduka mamita 28. Mamita 14 owonjezerawo ndi mmene mumakhala mbuzi, minibasi yoima mwadzidzidzi, kapena mwana wa sitandade 2 akuwoloka.

Wina anena kuti, aphunzitsi, ife timapaka m'mbali mokha. Pa galimoto mwina mungapulumuke nazo, chifukwa tayala lake limayenda choimirira. Njinga yamoto imapendekeka pokhota, ndipo mbali ya tayala imene mwapakayo imayandikira msewu, mwinanso kuugunda kumene. Oyilo nayenso sakhala pamene mwamusiya. Wilo likazungulira amayenderera kunja, kupita kumene tayala limaponda, mofanana ndi timadontho ta pa tcheni tija.

Mabuleki nawonso ndi friction yomweyo. Mapadi ndi mashuzi a buleki amamwa mafuta, ndipo akamwa, kutsuka pamwamba sikuthandiza kwenikweni, chofunika n'kugula ena. N'chifukwa chake ngakhale palafini ndikuti athiridwe pa kansanza, osati kumuwaza pa wilo. Fumbi lakuda louma limene mumalipeza pafupi ndi buleki ndi tizidutswa ta mapadi ndi ta chitsulo, limachoka ndi sopo ndi burashi yonyowa. Osaliuzira ndi pakamwa, si loti lilowe m'mapapo.

Ndikudziwa kuti wakabaza amapikisana ndi anzake ambirimbiri pa siteji imodzi, ndipo kasitomala amathamangira njinga yooneka bwino. Limu liwale, thanki iwale, palibe vuto. Tayala lokha likhale loyera koma losawala, logwira chala mukalikhudza. Mukamaliza kutsuka, auzeni achimwenewo ayambe ayenda pang'onopang'ono akugwiragwira mabuleki mpaka aume, asananyamule munthu.

A Fomu 3, bwerezani masamu aja ndi liwiro la 60 km/h, ndi ma μ onse awiri. Tidzaona mayankho Lolemba.